Njuchi Imene Yakuluma: Za Kagawidwe ka Maudindo m'Maboma a Zigawo za ku Amereka

Munthu wa kwathu kuno akamva mawu akuti chitaganya, mtima wake umathamangira ku zaka khumi zija, kuyambira 1953 kufikira 1963, pamene Nyasaland anamangidwa mtolo umodzi ndi Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia popanda kufunsa eni nthaka. Ndipo chifukwa cha chipsera chimenecho ambiri a ife sitinakhalepo pansi kuti tione ndi mtima wofatsa m'mene boma la mtundu umenewu limayendera kumene eni dziko analisankha okha. Dziko la United States lili ndi zigawo 50, koma wina asayese kuti n'zofanana ndi zigawo zathu za Kumpoto, Pakati ndi Kummwera, pakuti chigawo chilichonse cha kumeneko ndi boma lathunthu, lokhala ndi malamulo aakulu akeake, nyumba ya malamulo yake, makhoti, misonkho, apolisi ndi ndende, pamodzi ndi bwanamkubwa amene anthu a m'chigawomo amamsankha ndi manja awo. Kuyambira 1791 malamulo aakulu a dziko lonselo amanena poyera kuti mphamvu zimene sizinaperekedwe ku boma lalikulu la ku Washington zatsala m'manja mwa zigawo kapena mwa anthu eni ake. Chifukwa chake sukulu imene mwana aphunzira, chiphaso choyendetsera galimoto, kalata ya ukwati, chilolezo cha namwino kapena dokotala, ndiponso madzi a pampopi amene mayi amwetsa khanda lake, zonsezi zimayang'aniridwa ndi boma la chigawo koposa boma lalikulu.

Ntchito zikachuluka chotere, funso la kagawidwe kake silithawika, ndipo ndi funso lakalekale. Yetero, mpongozi wake wa Mose, ataona munthu mmodzi alikuweruza khamu lonse kuyambira m'mawa kufikira madzulo, anamlangiza kuti aike akulu oyang'anira zikwi, mazana, makumi asanu ndi makumi. Ndipo makolo athu, ngakhale asanamve mbiri imeneyo, ankadziwa kuti mutu umodzi susenza denga, nchifukwa chake mfumu inali ndi nduna zake, nyakwawa zake ndi ankhoswe a pabwalo. Koma kugawa katundu ndi mbali yopepuka ya nkhaniyi. Mbali yolemera ndi yakuti, katunduyo akagwa nasweka, kodi mlandu ukhala pa yani? Ine ndiona kuti mbiri yonse ya nthambi ndi mabungwe a maboma a zigawozi ndi mbiri ya funso limodzi lomweli, ndipo munthu wofuna kumvetsa boma lililonse la chigawo asayambe ndi kuwerenga maina a maofesi, koma afunse kuti mkulu wa ofesi ino anamuika ndani, angamchotse ndani, ndipo makiyi a nkhokwe imene amadyamo ali m'manja mwa yani.

Kwathu kuno mtsogoleri wa dziko amasankha nduna zake, natchula maunduna monga afuna; lero za ulimi ndi za madzi zili pamodzi, mawa zapatukana, ndipo palibe amene adabwa. Ku Amereka anayambira kumbali ina. Pamene zigawo zoyamba zinkalemba malamulo awo aakulu mu 1776, anthu anali asanaiwale abwanamkubwa a mfumu ya ku England, kotero kuti anawopa mpando umenewo monga munthu wolumidwa ndi njoka awopa chingwe. Ku Virginia bwanamkubwa ankasankhidwa ndi nyumba ya malamulo kwa chaka chimodzi chokha, ndipo ku Pennsylvania anakana mpandowo kotheratu, naika bwalo la akulu m'malo mwake. M'badwo wotsatira unabwera ndi nzeru ina, yakuti mankhwala a ufumu wankhanza ndiwo chisankho: msungichuma asankhidwe ndi anthu, mlembi wamkulu asankhidwe ndi anthu, woyendera mabuku a chuma ndi mlangizi wamkulu pa za malamulo chimodzimodzi, kuti aliyense akhale ndi muzu wakewake m'nthaka, wosadalira chisomo cha bwanamkubwa. Mwambo umenewu ulipobe, pakuti m'zigawo 43 mlangizi wa za malamulo amasankhidwa ndi anthu, ndipo si chachilendo kumuona ali wa chipani china, akutsutsana ndi bwanamkubwa m'khoti. Ku Maine amasankhidwa ndi nyumba ya malamulo, ndipo ku Tennessee ndi khoti lalikulu la chigawocho.

Pamene njanji, mafakitale ndi mizinda ikuluikulu zinafika, zinadza ndi mavuto amene makolo olemba malamulo aja sanawalote, ndipo aphungu anapeza njira yapafupi: vuto lililonse latsopano ankalibadwitsira bungwe lake. Ku Massachusetts anakhazikitsa bodi ya zaumoyo mu 1869, ndi bungwe loyang'anira njanji m'chaka chomwecho. Zigawo zina zinatsatira, mpaka ndende iliyonse, chipatala chilichonse cha odwala misala ndi sukulu iliyonse ya akhungu inakhala ndi akuluakulu akeake, ogula okha chakudya ndi malasha, opita okha kwa aphungu kukapempha ndalama. Bungwe lililonse palokha linali ndi chifukwa chomveka, koma onse pamodzi anasanduka thengo loti munthu sangapitemo. Akulu anati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Koma nzika ya ku Illinois kapena ku New York ya masiku amenewo, ikalumidwa, inkangoona dzombe la maofesi likuzungulira, osatha kuloza chala pa imodzi.

Amene anayamba kulambula thengolo mwamphamvu anali Frank Lowden, bwanamkubwa wa Illinois, amene mu 1917 anakopa aphungu kuti asonkhanitse mabungwe ndi maofesi oposa 100 m'nthambi 9 zokha: ya zachuma, ya ulimi, ya apantchito, ya migodi, ya zomangamanga, ya chisamaliro cha anthu, ya zaumoyo, ya malonda, ndi ya ziphaso ndi maphunziro. Nthambi iliyonse inakhala ndi mkulu mmodzi woikidwa ndi bwanamkubwa movomerezedwa ndi nyumba yapamwamba ya malamulo, ndipo nthambi ya zachuma inapatsidwa udindo wolemba ndondomeko imodzi ya ndalama za boma lonse. Ku New York ntchito yomweyi inaigwira Alfred E. Smith, mwana wa m'makwalala a anthu osauka amene sanaphunzire kwambiri, koma anadziwa boma monga mlimi adziwa munda wake. Komiti imene anaiika mu 1919, m'mene munalinso mnyamata wina dzina lake Robert Moses, inawerenga maofesi ndi mabungwe oposa 180. Ndipo itatha nkhondo ya mawu ya zaka zingapo, anthu anavomereza mu 1925 kusintha malamulo aakulu, kotero kuti kufikira lero nthambi za boma la New York siziloledwa kupitirira 20. New Jersey inaika malire omwewo mu 1947, Michigan mu 1963, ndipo Florida mu 1968 inati zisapitirire 25. Maganizo a onsewa anali amodzi: mutu ukakula sulewa nkhonya. Mpatseni bwanamkubwa mphamvu yoika ndi kuchotsa, kuti tsiku la chisankho anthu adziwe khomo loti agogode.

Koma taonani m'mene madzi amapezera njira ngakhale pamene pamangidwa mpanda. Ku New York, popeza nthambi sizingapitirire 20, imodzi mwa izo, yotchedwa Executive Department, inasanduka thumba lalikulu loponyamo zonse zimene zasowa malo: apolisi a chigawo ali momwemo, ofesi ya bajeti ili momwemo, oyang'anira mapaki ndi nyumba za boma ali momwemo, aliyense ndi mkulu wake ndi antchito ake monga nthambi yeniyeni, kungosiyana dzina. Ku New Jersey lamulo lokhazikitsa bungwe latsopano limanena kawirikawiri kuti bungwelo likhala m'nthambi yakutiyakuti koma losalamulidwa nayo, monga mkamwini amene amanga nyumba pamudzi wa apongozi koma mfumu yake ili kwina. Ndipo ngakhale m'kati mwa nthambi 20 za New York zija muli zina zimene bwanamkubwa sazigwira: ya zamalamulo ndi yoyendera mabuku a chuma zili pansi pa akulu osankhidwa ndi anthu, pamene ya maphunziro ili pansi pa bwalo la Regents, lochokera mu 1784, limene mamembala ake amasankhidwa ndi aphungu, ndipo iwowo ndiwo amaika mkulu wa maphunziro.

Palinso mtundu wina wa mabungwe umene uli ngati boma koma suli boma kwenikweni, wofananako ndi mabungwe athu a madzi ndi magetsi: umabwereka ndalama m'dzina lake, numanga milatho, misewu ndi madoko, nubweza ngongoleyo ndi ndalama zimene odutsapo amalipira. Port Authority, imene New York ndi New Jersey anaikhazikitsa pamodzi mu 1921, ndiyo kholo lodziwika la mtundu umenewu. Ubwino wake ndi woonekeratu, pakuti ntchito imayenda msanga, yosadikira aphungu chaka ndi chaka. Koma bungwe lokhala ndi nkhokwe yakeyake silisowa kugwadira munthu. Robert Moses yemwe uja, amene paunyamata wake analemba za kufunika kwakuti maofesi onse akhale pansi pa munthu wosankhidwa, ndiye anadzagwiritsa ntchito mabungwe oterewa kulamulira zomangamanga za New York kwa zaka zoposa 30, nagumula midzi ya anthu kuti misewu ipite, iye mwini osapambanapo chisankho chilichonse. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Pansi pa akulu onsewa pali khamu la antchito amene sasintha boma likasintha, ndipo nawonso ali ndi mbiri yawo. Kale ntchito za boma zinali zofunkha za chipani chopambana, mlembi ndi mlonda yemwe ankachotsedwa kuti alowe wa mbendera ina. Mtsogoleri wa dziko James Garfield atawomberedwa mu 1881 ndi munthu amene ankadziona kuti wamanidwa udindo, dziko linachita manyazi, ndipo mu 1883 boma lalikulu ndi chigawo cha New York zinakhazikitsa lamulo lakuti ntchito zipezeke ndi mayeso. Massachusetts inatsatira mu 1884. Masiku ano mphepo yatembenukanso m'zigawo zina, monga ku Georgia kumene kuyambira 1996 olembedwa ntchito atsopano alibe chitetezo chakale chija, pa chifukwa chakuti mkulu amene sangachotse waulesi sangayankhe mlandu wa ulesiwo. Mfundoyo ili ndi choona chake, koma ine ndiopa koposa wantchito amene waona cholakwa nakhala chete chifukwa mawa angathe kuuzidwa kuti asabwerenso.

Ndalama za ku Washington nazonso zimaumba maboma a zigawo mwakachetechete. Thandizo la chipatala kwa osauka lotchedwa Medicaid, limene linayamba mu 1965, limayendetsedwa ndi zigawo, koma boma lalikulu limalipira theka la mtengo wake kapena kuposerapo, ndipo limalamula kuti chigawo chilichonse chitchule nthambi imodzi yoyankhapo. N'chimodzimodzi ndi misewu ikuluikulu ndi thandizo la ochotsedwa ntchito. Motero mkulu wa nthambi ya zaumoyo amatumikira ambuye awiri, wina amene anamuika pampando ndi wina amene amadzaza nkhokwe, ndipo ife a m'dziko limene maunduna ake amadziwa bwino mapazi a abwenzi othandiza sitisowa wotifotokozera kulemera kwa goli lotere.

Tsopano tiyeni ku Texas, kumene anakana njira ya Lowden ndi Smith. Malamulo aakulu a chigawochi analembedwa mu 1876 ndi anthu amene anali ndi mkwiyo pa ulamuliro wa bwanamkubwa Edmund J. Davis wa m'zaka zotsatira nkhondo yapachiweniweni, ndipo anatsimikiza mtima kuti mpando umenewo usadzakhalenso ndi mano. Wachiwiri kwa bwanamkubwa amasankhidwa payekha, ndipo ndiye amatsogolera nyumba yapamwamba ya malamulo. Woyang'anira chuma, mlangizi wa za malamulo, woyang'anira malo a boma ndi woyang'anira ulimi, onsewo amasankhidwa ndi anthu. Aphungu amakumana kamodzi pa zaka ziwiri, kwa masiku osapitirira 140, pokhapokha bwanamkubwa atawaitana mwapadera. Mabungwe ambiri ali pansi pa mabodi amene mamembala ake amakhala zaka 6, nachoka mosinthanasinthana, kotero kuti bwanamkubwa watsopano amapeza mipando yodzaza ndi anthu a amene anamtsogolera, nadikira zaka kuti aikepo ake. Komabe Rick Perry, pokhala pampando zaka 14 kuyambira 2000, anafika podzaza mipando yonseyo ndi dzanja lake, zimene zionetsa kuti mpanda womangira kuletsa munthu mmodzi umagonja munthuyo akakhalitsa.

Mu February 2021 chisanu choopsa chinagwa pa Texas, nyumba zoposa 4 miliyoni zinakhala mumdima ndi m'kuzizira masiku angapo, ndipo boma la chigawocho linawerenga anthu 246 amene anafa. Makina opangira magetsi anauma ndi chisanu, ndipo gasi amene makina ambiriwo amadya anachepa chifukwa zitsime ndi mapaipi nazonso zinauma. Pena gasi analephera kuyenda chifukwa magetsi okankhira anali atazimitsidwa. Unali unyolo umodzi, koma oyang'anira anali awiri: za magetsi zinali pansi pa Public Utility Commission, ya anthu atatu oikidwa ndi bwanamkubwa, pamene za gasi zinali pansi pa Railroad Commission, ya anthu atatu osankhidwa ndi anthu. Mapanga awiri avumbwitsa. Mwezi wa March usanathe atatu a magetsi aja onse anali atatula pansi udindo, pakuti panali wina pamwamba pawo amene moto unamfikira. Atatu a gasi anakhalabe pamipando yawo, popeza panalibe wowachotsa kufikira chisankho.

Wina angaganize kuti nkhani imeneyi yaweruza mlandu wonse mokomera iwo amene amaika zonse m'dzanja limodzi, koma mzinda wa Flint ku Michigan utiletsa kufulumira. Michigan ili ndi malire a nthambi 20, ndipo bwanamkubwa wake ali ndi mphamvu yosintha kagawidwe ka nthambizo ndi chikalata chake, chimene chimakhala lamulo ngati aphungu sachikana pa masiku 60. Mphamvu imeneyi anaigwiritsadi ntchito: nthambi yoona za chilengedwe inapatulidwa ku nthambi ya zachilengedwe za m'thengo ndi m'madzi mu 1995, inaphatikizidwanso patapita zaka pafupifupi 15, nipatulidwanso mu 2011. Pambuyo pa kusamukasamuka konseko, mu April 2014, mzinda wa Flint, umene pa nthawiyo unali pansi pa woyang'anira woikidwa ndi bwanamkubwa m'malo mwa akulu osankhidwa ndi eni mzinda, unayamba kumwa madzi a mumtsinje wa Flint pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo nthambi ija yoona za chilengedwe, imene inkayang'aniranso madzi akumwa, sinalamule kuti athiremo mankhwala oletsa madziwo kudya mapaipi akale. Mtovu wa m'mapaipi unalowa m'madzi, nulowa m'magazi a ana. Amayi ananyamula mabotolo a madzi ofiirira kupita nawo ku misonkhano, nauzidwa kuti madziwo ali bwino, kufikira dokotala wa ana Mona Hanna-Attisha anaonetsa poyera mu September 2015 zimene anapeza m'magazi a anawo. Apa mzere wa ulamuliro unali woongoka kuchokera pansi kufikira pamwamba, koma mawu a anthu sanakwere nawo mzerewo, chifukwa khutu limene linali pafupi nawo, ndilo khonsolo yawo, linali litalandidwa mphamvu.

Chinthu chimodzi chokha chimene kagawidwe ka Michigan kanachita bwino ndi chakuti mlandu unapeza mwini wake: mkulu wa nthambi ija anatula pansi udindo mu December 2015, bwanamkubwa Rick Snyder anapepesa pamaso pa aphungu mwezi wotsatira, ndipo komiti imene iye mwini anaiika inanena mu March 2016 kuti cholakwa chachikulu chinali cha nthambi ya boma la chigawo. Zimenezi sizichotsa mtovu m'thupi la mwana, pakuti madzi akatayika saoleka. Koma sindingazitche zachabe, popeza anthu amene adziwa amene anawalakwira ali ndi poyambira.

Pamenepa maganizo anga ndi awa. Ntchito zogwira ndi manja, monga misewu, ndende, zipatala, madzi ndi magetsi, ziyenera kukhala pansi pa akulu amene bwanamkubwa angawaike ndi kuwachotsa, ndipo ntchito zimene zimangana ngati unyolo zisagawidwe kwa ambuye osalankhulana. Koma maso oyang'ana ntchitozo, ndiwo woyendera mabuku a chuma, mlangizi wa za malamulo ndi oyendetsa chisankho, asadye m'dzanja la iye amene akumuyang'ana, ndipo makhonsolo a m'mizinda asatsekedwe pakamwa ngakhale pa nthawi ya ngongole. Chiwerengero cha nthambi, kaya 9, kaya 20, kaya 25, ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi zimenezi. Ndipo kusankha ndi voti mkulu aliyense sikuthandiza ngati wovotayo sadziwa ntchito ya amene akumsankha, pakuti pepala la chisankho likatalika diso limatopa lisanafike pansi.

Texas yomweyo ili ndi mwambo umodzi woyenera kuuyamikira. Potsatira Colorado, imene inayamba mu 1976, aphungu ake anakhazikitsa mu 1977 lamulo lakuti bungwe la boma likhale ndi tsiku lakufa lolembedweratu, kawirikawiri pakatha zaka 12, ndipo lisanafike tsikulo lionekere pabwalo kufotokoza chifukwa chake liyenera kukhalabe ndi moyo. Ngati aphungu salipatsa moyo watsopano, limatha. Mabungwe ambiri athetsedwa kapena kuphatikizidwa mwa njira imeneyi. Railroad Commission nayo yaonekera pabwalo limeneli kangapo. Inabadwa mu 1891 kuti iziyang'anira mitengo ya njanji, inapatsidwa za mafuta ndi gasi pambuyo pake, ndipo ntchito yotsiriza yokhudza njanji inachotsedwa m'manja mwake mu 2005. Ofufuza a bwalo lija alangiza mobwerezabwereza kuti dzinalo lisinthidwe, kuti munthu wovota adziwe kuti akusankha woyang'anira zitsime za mafuta ndi mapaipi a gasi, koma aphungu sanavomere. M'chisankho cha 2022, chaka chimodzi ndi miyezi ingapo chisanu chija chitapita, mmodzi wa akulu atatu aja anaimanso napambana, ndipo pa pepala limene anthu anachongapo, udindo wake unalembedwa kuti ndi woyang'anira njanji.